Ulendo wa pa Dempster Highway: galimoto, zimbalangondo, miyala ndi maluwa

Msewu wa Dempster umayambira pa mphambano yomwe ili makilomita 40 kuchokera ku tauni ya Dawson City, m'chigawo cha Yukon kumpoto kwa Canada, n'kukathera ku Inuvik, mtunda wa makilomita pafupifupi 740. Unatsegulidwa mu 1979, ndipo pafupifupi wonse ndi wa dothi ndi miyala. Pansi pake pali nthaka youndana chaka chonse, choncho omanga anaunjika miyala yochindikala kuposa mita imodzi kuti kutentha kusasungunule nthakayo msewu n'kutitimira. N'chifukwa chake msewuwu ndi wokwera ndipo m'mbali mwake ndi motsetsereka. Tayala limodzi likangophonya m'mphepete, galimoto yonse imatsatira.

Nthawi yabwino yopita ndi kuyambira pakati pa June mpaka kumayambiriro kwa September. Pa mitsinje ya Peel ndi Mackenzie palibe milatho. M'chilimwe mumawoloka pa pantoni yaulere, ndipo m'nyengo yozizira magalimoto amayenda pamwamba pa madzi oundana. Pakati pa nyengo ziwirizi pamadutsa masabata angapo osawolokeka konse, ndiye tsiku la ulendo musalisankhe musanafunse za mitsinjeyi.

Galimoto ndi katundu

Thirani mafuta odzaza thanki ku Dawson City, chifukwa mukalowa mumsewuwu malo ena othirira ali ku Eagle Plains, pa kilomita 369. M'matope galimoto imamwa mafuta kwambiri, choncho chigubu cha malita 20 chisasowe. Matayala apadera akhale awiri, ofanana kukula ndi amene ali pa galimoto, osati katayala kakang'ono kongofikitsira munthu ku galaja. Madera ena anathirako miyala yaphanthiphanthi yakuthwa ngati lumo, ndipo imang'amba tayala m'mbali, momwe simumatika. Tengani pampu, zomatira tayala, jeke, ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo kuti isamire m'dothi. Ngati galimoto ndi yobwereka, werengani pangano lake bwino, poti makampani ambiri saloleza galimoto zawo kupita mumsewu umenewu.

Chilole chikamabwera kutsogolo, chepetsani liwiro kwambiri ndipo sunthirani kumanja, koma osafika m'mphepete mwenimweni. Mwala wothamangitsidwa ndi tayala la lole umaswa galasi makamaka pamene inunso mukuthamanga. Nyali zikhale zoyaka usana womwe chifukwa cha fumbi. Kukagwa mvula, mankhwala a calcium chloride amene amathira pofuna kuchepetsa fumbi amasakanikirana ndi dothi, msewu n'kuterera ngati sopo. Zikatero imani pamalo otakasuka mudikire kuume. Pali zigawo zina za msewu zomwe ndege zimaterapo pakagwa zadzidzidzi, ndipo pali zikwangwani zake. Pamenepo musaime.

Netiweki ya foni kulibe pafupifupi njira yonse. Tengani kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo siyirani munthu wodalirika dongosolo la ulendo wanu ndi tsiku lomwe ayambe kukufunafunani mukapanda kumveka. Zovala zikhale zaubweya wa nkhosa kapena zansalu youma msanga. Zathonje zikanyowa zimamatirira pathupi n'kumachotsa kutentha, ndipo m'mapiri a Richardson chipale chofewa chimatha kugwa ngakhale mu July. Udzudzu umachuluka mu June ndi July moti kudya panja kumavuta, ndiye neti yovala kumutu ndi mankhwala opaka okhala ndi DEET n'zofunika. Madzi a mumtsinje, ayere bwanji, awiritseni kwa mphindi imodzi yathunthu poopa giardia, kachilombo koyambitsa kutsekula m'mimba komwe kamayamba kuvuta patatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Chimbalangondo

M'derali muli mitundu iwiri, grizzly ndi chakuda. Musazisiyanitse ndi mtundu wa ubweya, chifukwa chakuda chimatha kukhala chofiirira, grizzly n'kukhala yoderapo. Yang'anani mapewa. Grizzly ili ndi linunda pamapewa, nkhope yolowa mkati pakati pa maso ndi mphuno, makutu aafupi obulungira, ndi zikhadabo zazitali zowongokerapo zokumbira. Chakuda chilibe linunda, nkhope yake ndi yowongoka, makutu ndi otalikirapo, zikhadabo ndi zazifupi zopindika zokwerera mitengo.

Ngozi zambiri zimachitika chifukwa chodzidzimutsana. Poyenda pansi lankhulani mokweza, imbani, ombani m'manja, makamaka pokhota, m'zitsamba zowirira, m'mbali mwa mtsinje wosokosera, ndiponso pamene mphepo ikukuwombani kumaso, chifukwa pamenepo fungo lanu likupita kumbuyo ndipo chilombo chili kutsogolo sichikukumvani. Timabelu tomangirira pachikwama sitimveka patali, mawu a munthu ndiwo amathandiza. Yendani anthu atatu kapena anayi moyandikana. Mukaona ndowe zaziwisi zodzaza zipatso, dothi lokumbidwa kumene, kapena makungubwi atasonkhana pamodzi ndi fungo la nyama yowola, bwererani momwe mwadzera. Grizzly imakwirira nyama yomwe yapha ndi dothi ndi nthambi n'kugona pafupi, ndipo imailondera mwaukali.

Mukachiona patali, lamulo la m'mapaki a Canada ndi kusiya mamita 100. Ngati sichinakuoneni, chokani mwakachetechete. Ngati chakuonani, imani, sonkhanani pamodzi, nyamulani ana, lankhulani nacho modekha ndi mawu otsika kuti chidziwe kuti ndinu anthu, kenako bwererani chafutambuyo pang'onopang'ono. Musathamange. Chimbalangondo chimafika makilomita 50 pa ola, pokwera ndi potsika pomwe, ndipo chinthu chothawa chimachiputa kuti chithamangitse. Chikaimirira ndi miyendo yakumbuyo chikungofuna kuona ndi kununkhiza bwino. Koma chikamapuma mofwenthera, kugunditsa mano, kumenya pansi ndi dzanja, makutu atagona kumbuyo, ndiye kuti mwachiyandikira mopitirira ndipo chatekeseka. Nthawi zambiri chimathamangira munthu n'kupatuka chitatsala pang'ono kufika. Kuima nji pa nthawi imeneyo n'kovuta zedi, koma ndiko koyenera.

Apa ndi pomwe bear spray imagwira ntchito. Ndi chitini cha mankhwala a tsabola wowawa kwambiri, chomwe chimapopera mtunda wa mamita 5 mpaka 9 ndipo chimatha m'masekondi osakwana 10. Chigulidwe ku Whitehorse, likulu la Yukon, kapena ku Dawson City, popeza m'ndege sichiloledwa, ndipo onani tsiku lomwe chimathera mphamvu. Chikhale pa lamba kapena pachifuwa, pomwe dzanja lifika m'masekondi awiri. Cha mkati mwa chikwama n'chimodzimodzi kusakhala nacho. Yesererani kuchisolola ndi kuchotsa kotsekera kake ndi chala chachikulu mpaka dzanja lizolowere. Popopera gwirani ndi manja awiri, lozetsani pansi pang'ono kutsogolo kwa chilombocho, poti chimabwera mutu uli pansi ndipo utsiwo umakwera wokha, ndipo poperani kwa sekondi imodzi kapena ziwiri chikafika pa mamita osakwana 10. Anthu amalakwitsa pa zinthu zitatu: kupopera chidakali kutali chitini n'kutha, kuiwala kumene mphepo ikulowera, ndi kupopera tenti kapena zovala ngati mankhwala a udzudzu. Tsabola wotsalira pa nsalu amakopa zimbalangondo m'malo mozithamangitsa. Musachisiyenso padzuwa m'galimoto yotseka, chimaphulika.

Chikakugwirani, chochita chimadalira chifukwa chomwe chabwerera. Ngati mwachidzidzimutsa, kapena chili ndi ana, kapena chikulondera chakudya, chikungofuna kuchotsa choopsa. Gonani chafufumimba, chikwama chili kumsana, manja mutapingasa kumbuyo kwa khosi, miyendo mutatangadza kuti chisakutembenuzeni mosavuta. Chikakugubuduzani, pitirizani kugubuduka mpaka mugonenso chafufumimba. Khalani chete, ndipo musadzuke mpaka mutatsimikiza kuti chapita. Kuukira kotere kawirikawiri sikupitirira mphindi ziwiri. Kukapitirira, kapena ngati chilombocho chakhala chikukutsatirani mwakachetechete maso ali pa inu, kapena chang'amba tenti usiku, ndiye kuti chikukuonani ngati chakudya. Pamenepo musanamizire kufa. Kuwani, menyani ndi mwala, ndodo, mpeni, chilichonse, kulunjika kumaso ndi pamphuno.

Pomanga msasa, malo ogona, ophikira ndi osungira chakudya atalikirane mamita 100, ngati mafuwa atatu, ndipo tenti ikhale kumene mphepo ikuchokera. Kumtunda kulibe mitengo yopachikapo chakudya, choncho pamafunika chigubu cholimba chapadera chomwe chimbalangondo sichingatsekule. Mmenemo mulowe chilichonse chonunkhira: chakudya, zinyalala, sopo, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola. Madzi otsukira mbale asefeni, nyenyeswa zake zipite ku zinyalala. Zovala zomwe mwaphika nazo nsomba musagone nazo. Chimbalangondo chikalawa chakudya cha anthu kamodzi chimabwererabwerera, ndipo mapeto ake oyang'anira nyama amachiwombera. Kusasamala kwa munthu mmodzi kumaphetsa nyama yosalakwa n'kuika pangozi odzagona pamalopo mawa.

Moose ndi zinzake

Moose ndi nyama ya m'gulu la agwape koma yaikulu kuposa hatchi, ndipo yamphongo imapitirira makilogalamu 500. Anthu amaiderera chifukwa imaoneka yofatsa, chonsecho ku Alaska imavulaza anthu ambiri pachaka kuposa zimbalangondo. Yaikazi imalusa kumapeto kwa May ndi mu June ikakhala ndi mwana, yamphongo mu September ndi October nthawi yokwerana. Ikagoneka makutu, ubweya wa pakhosi n'kuimirira, n'kumanyambita milomo, chokanipo. Kwa iyi kuthawa n'kololedwa: thamangani mukabisale kuseri kwa mtengo waukulu kapena galimoto, chifukwa sithamangitsa munthu mtunda wautali. Ikakugwetsani dzipindeni, tetezani mutu, ndipo musasunthe mpaka itachoka. Pamsewu ndi yoopsa madzulo ndi m'mamawa. Miyendo yake ndi yaitali, ndiye galimoto ikagunda miyendo thupi lonse limagwera pa galasi lakutsogolo.

Caribou (mtundu wina wa agwape), nkhosa zoyera za m'mapiri ndi zina zotero zisiyireni mamita 30 kapena kuposa. Nkhandwe yobwera kudzapempha pa galimoto musaipatse kanthu ndipo musaigwire, poti kumpotoko nkhandwe zimatenga chiwewe.

Miyala

Mapiri osongoka a ku Tombstone Territorial Park, omwe ali m'dziko la anthu a Tr'ondëk Hwëch'in, ndi a mwala wotchedwa syenite, wofanana ndi granite koma wokhala ndi quartz yochepa. Ofesi ya pakiyi ili cha pa kilomita 71, ndipo ndi malo abwino ofunsirako kumene zimbalangondo zaoneka sabata imeneyo. Mukapitirira mupeza timitsinje tofiira ngati dzimbiri, tonunkha ngati dzira lowola. Ndi chitsulo ndi sulufule zochokera m'miyala, madzi ake si akumwa.

M'mapaki simuloledwa kutola mwala, duwa kapena nyanga. Kunja kwa mapaki malo ambiri ali ndi eni ake, kaya ndi a mitundu ya anthu a kumeneko kapena a okumba migodi, ndiye funsani kaye. Mafupa ndi minyanga ya nyama zakalekale ndi zotetezedwa ndi lamulo. Mbali yaikulu ya kumpoto ndi kumadzulo kwa Yukon sinakwiriridwe ndi madzi oundana kalekale, pa nthawi yomaliza pomwe madzi oundana anakuta madera ambiri a dziko lapansi, ndipo nthaka youndana inasunga zambiri. Mu June 2022 okumba golide ku Eureka Creek anafukula mwana wa mammoth (nyama yakalekale yonga njovu) pafupifupi wathunthu, khungu lili pomwepo, yemwe anamutcha Nun cho ga. Mukapeza fupa lotero lijambuleni, lembani malo ake, lisiyeni pomwepo, kenako dziwitsani boma la Yukon.

Pozindikira mwala zida zake ndi zochepa: mpeni, kagalasi kokuza zinthu kakhumi, maginito, kabotolo ka viniga, ndi phale la tayilo lomwe kumbuyo kwake sikunapakidwe zonyezimira. Chikhadabo chili ndi kulimba kwa 2.5 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, mpeni kapena galasi pafupifupi 5.5, quartz 7. Nsangalabwi yoyera yomwe ikukanda galasi ndi quartz. Yoyera yomwe mpeni ukuikanda, ndipo ufa wake ukuchita thovu mukadonthezera viniga, ndi calcite. Munyowetse mwala musanauyang'ane, mitundu yake imaonekera bwino.

Golide anapezeka ku Bonanza Creek, kamtsinje ka pafupi ndi Dawson City, mu August 1896, ndipo mpaka pano pamalo otchedwa Claim No. 6 mumtsinje womwewo alendo amaloledwa kusefa kwaulere ndi zida zamanja. Dzazani mbale yosefera ndi mchenga ndi timiyala mpaka magawo atatu a anayi, imizeni yonse m'madzi, phwanyani zibuma za dongo ndi zala, tayani miyala ikuluikulu mutaitsukira m'mbale momwemo. Igwedezeni mwamphamvu cham'mbali ili yathyathyathya, kuti zolemera zitsike. Golide amalemera kuwirikiza 19 kuposa madzi, quartz sifika katatu, ndiye chinsinsi chonse chagona pa kugwedezako. Kenako pendeketsani mbale pang'ono madzi akokolole zapamwamba zokha, iwongoleni, gwedezaninso. Bwerezani mpaka patsale masupuni awiri a mchenga wakuda. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa ofulumira amataya golide pa mphindi yomaliza. Siyani timadzi pang'ono, tizunguzeni mofatsa, mchenga wakuda usuntha ndipo golide atsalira m'mwamba mwake. Mbale yatsopano yachitsulo kapena yogwidwa ndi manja amafuta imayandamitsa tizidutswa tating'ono, dontho limodzi la sopo limathetsa zimenezo.

Si chonyezimira chilichonse m'mbalemo chomwe ndi golide. Mica imapepuka, imavina m'madzi, ndipo imanyenyeka ndi chikhadabo. Pyrite ndi yolimba, imasweka mukaimenya, ndipo ikakhulidwa pa tayilo imasiya mzere wakuda wobiriwirako. Golide amasiya mzere wachikasu, amaphwatalala mukamudinda ndi nsonga ya mpeni, ndipo mtundu wake susintha mukamuika pamthunzi.

Maluwa, kutchire ndi kumunda

Fireweed, duwa la chigawo cha Yukon kuyambira 1957, limafiiritsa m'mbali mwa msewu ndi malo opserera mu July. Limayamba kumasula m'munsi mwa phesi n'kumakwera, ndipo anthu a kumeneko amati likafika pamwamba chilimwe chatha. Lupine wabuluu amatsogola mu June. M'malo a miyala muli mountain avens, kamtengo koyala pansi ka maluwa oyera, komwe ndi duwa la chigawo choyandikana cha Northwest Territories. Monkshood, duwa labuluu looneka ngati chipewa, ndi poizoni kuyambira muzu mpaka duwa, ndipo lupine nayenso sadyedwa. Musalawe muzu kapena chipatso chomwe simukuchidziwa bwinobwino.

Kuzula duwa kutchire kuti mukabzale kwanu n'kungolipha. Zomera za kumtunda kozizira zimakula pang'onopang'ono kwambiri, kachitsamba kotambalala ngati chikhato kakhoza kukhala ka zaka makumi angapo, ndipo mizu yake silola kusunthidwa. Kawirikawiri dothi sililoledwanso kudutsa malire a mayiko. Njira yake ndi kugula njere kwa ogulitsa ovomerezeka, mutafufuza ngati dziko lanu limafuna chikalata cha zaumoyo wa zomera komanso ngati mtunduwo suli pa mndandanda wa zomera zolowerera.

Njere zambiri za kumpoto zimamera bwino zikadutsa kaye m'nyengo yozizira, ndipo firiji imagwira ntchito imeneyo. Sakanizani njere ndi mchenga wachinyezi, woti mukaufinya m'dzanja usadonthe madzi, ikani m'kathumba ka pulasitiki, lembani dzina ndi tsiku, sungani pa madigiri 1 mpaka 5 kwa masiku 30 mpaka 60. Osati mufiriza. Tsekulani sabata iliyonse. Mukaona nkhungu ndiye kuti madzi anachuluka, ndipo zikayamba kutulutsa timizu zibzaleni tsiku lomwelo.

Njere za fireweed ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zimafuna kuwala, choncho ziwazeni pamwamba pa dothi, zitsindireni ndi chikhato, musazikwirire, ndipo thirirani kuchokera pansi pa chitini. Koma ganizani kawiri musanalibzale pabwalo. Limayala mizu pansi pa nthaka n'kumaphukira kutali, ndipo chomera chimodzi chimabereka njere zokwana 80,000 zouluka ndi mphepo. Liikeni mumphika waukulu, ndipo dulani mapesi maluwa akangofota. Lupine ali ndi khungu lolimba: khulani njere iliyonse pang'ono ndi sandipepala, iviikeni m'madzi maola 24, ibzaleni sentimita imodzi kuya pamalo pomwe idzakhalire, chifukwa muzu wake ndi umodzi wautali ndipo ukaduka chomera chimafa. Feteleza wa nayitrojeni sakufunika, amangochulukitsa masamba.

Mountain avens amafuna bedi la miyala. Sankhani malo otsetsereka pang'ono, ndipo sakanizani magawo awiri a timiyala ting'onoting'ono, gawo limodzi la mchenga wokhakhala ndi gawo limodzi la manyowa a masamba owolerana, kuya kwake masentimita 30. Miyala ikuluikulu ikwirireni mpaka theka, itapendekera kumbuyo kuti madzi a mvula azitsikira ku mizu, ndipo ikhale ya mtundu umodzi kuti bedi lioneke ngati thanthwe lachilengedwe. Pakhosi pa chomera chilichonse zungulizani timiyala masentimita awiri kapena atatu. Chomwe chimapha zomerazi kawirikawiri si kuzizira koma chinyezi chokhalitsa pakhosi, pomwe tsinde limakumana ndi muzu: masamba amachita chikasu, mwini munda amaganiza kuti ndi ludzu n'kuwonjezera madzi, chomera n'kuwoleratu.

Kumene usiku kumatentha chaka chonse, avens ndi lupine wa kumpoto sakhalitsa, muwasamale bwanji. Amene amalola ndi Iceland poppy, wa maluwa opyapyala ngati pepala, achikasu, oyera ndi alalanje. Kumadera ofunda amabzalidwa ngati duwa la nyengo imodzi: wazani njere pamwamba pa dothi nyengo yozizira ikamayamba, patulirani kuti zomera zitalikirane masentimita 20 mpaka 25, ndipo thotholani maluwa ofota kuti ena aziphukabe. Ofuna kuika m'botolo adule duwa likadali mphukira yomwe yangoyamba kung'ambika kuonetsa mtundu, n'kuwaula kunsonga kwa phesi pa lawi la kandulo kwa masekondi ochepa kuti utomoni usatuluke.